Corbridge: tauni imene inkadyetsa asilikali a Aroma kumalire a kumpoto

Lolemba, kuchokera ku Newcastle

Sitima ya pa njanji ya Newcastle ndi Carlisle, kumpoto kwa England, imafika ku Corbridge pakatha mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Si zonse zimene zimaima pano, ndiye funsani musanakwere. Siteshoni ili kumwera kwa mtsinje wa Tyne, mudzi uli kumpoto, ndipo mumawoloka pa mlatho wa miyala wa m'chaka cha 1674. Pa milatho yonse ya pa Tyne, ndi uwu wokha umene unatsala madzi atasefukira mu 1771.

Mukafika pakati pa mlathowo imani, muyang'ane kumadzulo kumene madzi akuchokera. Cha kumeneko, pa mtunda wosafika kilomita imodzi, ndi pamene panali mlatho wa Aroma. Madzi akaphwa kwambiri maziko a nsanamira zake amaonekera. Miyala ina ya chikweza cholowera pa mlathowo anaifukula mu 2004, mtsinje utayamba kudya gombe, n'kuisanjanso pamalo ouma kutsidya la kumwera.

Tayambira pa mlatho dala, chifukwa popanda mlatho umenewu tauniyi sikanakhalapo. Aroma analowa mu Britain m'chaka cha 43 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu (zaka zonse za Aroma m'zolembazi ndi za nyengo imeneyo), ndipo pofika cha m'ma 79 asilikali a bwanamkubwa Agricola anali atafika ku Tyne. Msewu waukulu wa kum'mawa, umene pambuyo pake unatchedwa Dere Street, unkachokera ku York, kudutsa ku Catterick ndi ku Binchester, kuwoloka Tyne pompano n'kupitirira mpaka ku Scotland. Msewu wina, Stanegate, unkachoka pano kulunjika kumadzulo mpaka ku Carlisle. Ngolo iliyonse ya tirigu, mtokoma uliwonse wa malipiro, gulu lililonse la asilikali lopita kumpoto kudzera mbali ya kum'mawa, zonse zinkadutsa pa mphambano imeneyi. Aroma ankapatchula kuti Coria, ndipo m'ndandanda wina wakale wa misewu palembedwa kuti Corstopitum.

Msasa woyamba wa m'nthawi ya Agricola sunali pamene pali mabwinja lero. Unali chakumadzulo pang'ono, pa Red House, ndipo unadziwika bwino mu 1974 akulambula msewu wa A69. Palibe choti mukaoneko.

Lachiwiri, m'mabwinja

Mabwinja ali kumadzulo kwa mudzi, ulendo wa mphindi 15 wapansi. Amayang'anira ndi a bungwe la English Heritage, polowa n'polipira, ndipo m'nyengo yozizira satsegula masiku onse. Chimene mukuona ndi pakatikati pokha pa tauni. Mbali yaikulu ili pansi pa minda yozungulira. Ina anaifukula pakati pa 1906 ndi 1914 n'kuikwiriranso.

Musayembekezere makoma aatali. Ambiri amalekeza m'mawondo kapena m'chiuno. Komanso pansi pa zimene zikuonekazi pali malinga angapo osanjikizana, ndipo munthu akapanda kudziwa mndandanda wake amangoti ndi milu ya miyala. Linga loyamba, la mitengo ndi zibuma za kapinga, linamangidwa cha m'ma 85. Linapsa cha m'ma 105 ndipo anamangapo lina. Nthawi imeneyo Aroma anali atachoka ku Scotland, msewu wa Stanegate ndiwo unali malire. Mu 122 mfumu Hadrian inalamula kumanga khoma lake makilomita 4 kumpoto kwa pano. Mu 139 ndi 140 bwanamkubwa Quintus Lollius Urbicus anamanganso lingali ndi miyala pokonzekera kubwerera ku Scotland, ndipo miyala iwiri yolembedwa dzina lake inapezeka pompano. Urbicus ameneyu anali wa ku Tiddis, ku Algeria wa masiku ano. Khoma latsopano la mfumu Antoninus ku Scotland silinakhalitse: cha m'ma 160 asilikali anabwerera ku khoma la Hadrian, linga la Corbridge linaphwasulidwa, ndipo m'malo mwake munakula tauni.

Umboni wa malinga akalewo uli poyera kumwera kwa msewu wa Aroma wodutsa pakati pa mabwinja. Makoma kumeneko ndi okwera ndi kutsika ngati mafunde. Anawamanga pamwamba pa ngalande za malinga akale zimene anazikwirira osatsendera bwino dothi, ndiye m'kupita kwa zaka nthaka inatitimira m'mizere ya ngalandezo.

Ngati nthawi yanu ndi yochepa, ithereni pa nkhokwe ziwiri zimene zili kumpoto kwa msewu. Ndi nyumba zazitali zamakona anayi, zogundizana, zimene zinamalizidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Gwadani pamene mwala wina wa pansi unachoka, musuzumire. Pansi pa nkhokwe si pa dothi ayi: ndi miyala yaphanthiphanthi yogonekedwa pa timakoma tatifupi tondondozana, ndipo pakati pa timakomato pali tinjira ta mpweya. M'khoma lakunja, m'munsi mwenimweni, muli mazenera aatali opapatiza olowetsa mphepo. Pa nkhokwe ya kum'mawa zenera lina likadali ndi kamwala kake koimirira pakati. Amene anaonapo nkhokwe ya kumudzi itakhazikidwa pa miyala kapena pa mafoloko adziwa kale cholinga chake. Tirigu wachinyontho amapuma, amatentha, amamera kapena kuchita nkhungu, ndipo kutenthako kumaitana anankafumbwe. Mphepo ya pansi imachotsa chinyezi ndi kutentha komwe. Zikalakwika zinkalakwika zedi: ku York, pa Coney Street, ofukula anapeza nyumba yosungiramo mbewu ya Aroma imene tizilombo tinaigwira mpaka eni ake anaigwetsa, kumata dongo pamwamba n'kumanga ina.

Kunja kwa makoma kuli zipilala zochirikiza, zotalikirana mofanana. Ena amati zinkaletsa khoma kuphulika ndi kulemera kwa mbewu. Ife tikugwirizana ndi amene amati ntchito yake yaikulu inali kunyamula denga lolemera la khonde lalitali, lotaya madzi a mvula kutali ndi khoma, chifukwa mbewu ya m'matumba kapena m'mabokosi sikankha khoma kwambiri chotero. Kutsogolo, moyang'ana msewu, kuli matsinde a nsanamira za khonde lotsitsirapo katundu. Yang'anitsitsani apa: msewu uli pamwamba, khomo lili m'munsi. Kwa zaka mazana ankangothira miyala yatsopano pa msewu wakale, msewu n'kumakwera, mpaka anachita kuika masitepe otsikira ku nkhokwe ndi ngalande zoletsa madzi kulowa.

Kukula kwa nkhokwezi kumamveka mukawerengera. Msilikali mmodzi ankalandira tirigu wosachepera magalamu 800 pa tsiku. Gulu la anthu 500 ndiye kuti makilogalamu 400 tsiku lililonse, matumba 8 a makilogalamu 50, ndipo pa chaka ndi matumba pafupifupi 3,000. Apa sitinawerengere barele wa akavalo. Wolemba mbiri wa Aroma Tacitus analemba kuti malinga a Agricola ankakhala ndi chakudya cha chaka chathunthu. Mphamvu ya Corbridge pa nkhondo inali imeneyi, osati kutalika kwa mpanda.

Pafupi ndi nkhokwe pali potungira madzi. Madzi ankachokera kumpoto m'ngalande ya miyala yovundikira, n'kugwera m'beseni la pamwamba, kenaka m'chimwala chachikulu cha m'mbali mwa msewu. Anamanga ndi asilikali a legio (gulu lalikulu la nkhondo la Aroma) ya nambala 20. Milomo ya chimwalacho inadyeka mokumbikakumbika. Nthano yotchuka imati ndi asilikali ponola malupanga, koma mipeni ya m'nyumba, zochapa ndi mitsuko ya anthu a m'tauni kwa zaka 200 zingadye mwala chimodzimodzi.

Kum'mawa kwake kuli chinyumba chachikulu kuposa zonse, chimene ofukula anangochitcha Site XI. Mbali iliyonse ndi mamita oposa 60, zipinda zazungulira bwalo, ndipo miyala yake ndi ikuluikulu yosemedwa bwino m'mphepete. Sichinamalizidwe. Mizere ina ya miyala inangolekezera panjira, ndipo pali zizindikiro za moto wa cha m'ma 180. Wolemba mbiri Cassius Dio analemba kuti mu ulamuliro wa mfumu Commodus mitundu ya kumpoto inadumpha khoma n'kupha mkulu wa asilikali ndi anthu ake, ndipo ambiri amalumikiza moto uwu ndi nkhondo imeneyo. Akatswiri amatsutsanabe ngati chinali msika, bwalo la tauni kapena mosungira katundu wa asilikali. M'kati mwa bwalo lake mukuoneka maziko a likulu la linga lakale lija.

Kumwera kwa msewu kuli mipanda iwiri ya asilikali m'kati mwa tauni ya anthu wamba. Munkakhala timagulu totapidwa ku legio ya nambala 6 ya ku York ndi ya nambala 20 ya ku Chester. Tsatirani khoma la mpandawo ndi maso: silowongoka, likukhotakhota polambalala nyumba zimene zinalipo kale m'mbali mwa msewu. Khoma lotere si lolimbana ndi adani, ndi lopatula asilikali ndi katundu wa boma kwa anthu a pamsika. Mu mpanda wa kumadzulo munali zipala, ndipo munapezeka mitu ya mivi ndi mikondo yambiri pamodzi ndi zinyalala za chitsulo. Momwemo muli masitepe otsikira m'kachipinda ka pansi kosungiramo ndalama za malipiro. Mutha kutsikamo; miyala yake imaterera kukagwa mvula.

Lachitatu, m'nyumba ya zinthu zakale

Tikiti ya mabwinja ndi yomweyo ya nyumba yoonetsera zinthu zakale, koma ngati mungathe, ipatseni nthawi yakeyake.

Chinthu chachikulu muno ndi bokosi limene linafukulidwa mu 1964. Linali la matabwa, lomangidwa ndi zitsulo, lokutidwa ndi chikopa, ndipo linakwiriridwa pakati pa 122 ndi 138. M'kati munali mitu ya mikondo yomangidwa m'mitolo, zida za ukalipentala, misomali, timiyala ta galasi tosewerera, chikho cha mtengo, matabwa olembapo, ndi zidutswa za malaya achitsulo a mtundu wa lorica segmentata. Bokosili lisanapezeke, anthu ankangoona malayawa pa zosema monga chipilala cha Trajan ku Rome, osadziwa kuti m'kati ankagwirana bwanji. Charles Daniels ndi H. Russell Robinson ndi amene anawalumikiza kuchokera pa zidutswa za muno.

Kapangidwe kake ndi aka. Thunthu limazingidwa ndi malamba achitsulo 7 kapena 8 mbali iliyonse, osanjikizana ngati mamba, lapamwamba kuphimba mlomo wa lapansi. Malambawo sagwirana okha: amakhomeredwa ndi timisomali pa zingwe za chikopa zoimirira m'kati, n'chifukwa chake munthu amatha kuwerama. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimamangidwa ndi zingwe kutsogolo ndi kumbuyo, kudzera m'timphete ta mkuwa. Pamwamba pali zitsulo za pachifuwa, za kumsana ndi za m'mapewa, zolumikizidwa ndi mahinjesi a mkuwa. Pa mtundu wina chigawo cha pamwamba chimagwira cha pansi ndi malamba a chikopa ndi zomangira zake, pa mtundu wina ndi tingowe. Povula, malaya onse amagawika panayi n'kupindika, osavuta kunyamula.

Kufooka kwake kukuonekanso m'bokosi momwemo. Mahinjesi ndi a mkuwa wopyapyala wokhomeredwa pa chitsulo chopyapyalanso, ndiye ankathothoka. Pamene mkuwa wakhudzana ndi chitsulo, dzimbiri limafulumira. Chikopa chimafumbwa ndi thukuta ndi mvula, ndipo chingwe chimodzi chikaduka malamba onse a mbaliyo amalendewera. Zidutswa za m'bokosili zili ndi zigamba ndi misomali yobwereza, ndipo sizikwanirana kukhala malaya athunthu ofanana. Zikuoneka kuti anali katundu wodikira mmisiri, amene anamukwirira gulu likusamuka.

Zina tingodutsamo. Mkango wa mwala wopondereza nyama unapezeka mu 1907, pa ntchito imene ankatsogolera Leonard Woolley, yemwe pambuyo pake anatchuka pofukula mzinda wa Ur. Unasemedwa kuti ukhale pa manda, koma wina anaugumula mano n'kuusandutsa mpopi wa madzi. Mu 1911 munapezeka ndalama za golide 160 mu jagi ya mkuwa, ndipo mbale yaikulu ya siliva inatoledwa m'mphepete mwa Tyne cha m'ma 1735. Ndalama ndi mbale zenizenizo zili ku British Museum. Miyala yolembedwa ikusonyeza amene ankakhala muno: maguwa a chinenero cha Chigiriki operekedwa kwa Astarte ndi kwa Herakles wa ku Tyre, ndiponso mwala wa pamanda a Barathes wa ku Palmyra, ku Syria, amene anamwalira ali ndi zaka 68. Ku South Shields kuli mwala wa Regina, mkazi wa ku Britain konkuno amene anali kapolo, n'kumasulidwa ndi kukwatiwa ndi Barates wa ku Palmyra. Ambiri amakhulupirira kuti ndi munthu mmodzi yemweyo.

Lachinayi, ku khoma

Msewu wa A68 ukutsata Dere Street kuchoka ku Corbridge, koma si woyendamo pansi: magalimoto amathamanga ndipo m'mbali ndi mopanikiza. Dzerani timisewu ta ku Aydon ndi ku Halton. Valani nsapato zosalowa madzi, poti kuno walira mvula walira matope.

Pa Portgate, pamene lero pali raundabauti ya A68 ndi B6318, panali chipata chimene Dere Street inkadutsira khoma. Chipatacho chili pansi pa nthaka. Khomanso m'dera lino silioneka, chifukwa msewu wa B6318 unamangidwa pamwamba pake m'zaka za m'ma 1750, boma litavutika kuyendetsa asilikali pa kuukira kwa mu 1745. Chooneka bwino ndi chingalande cha kumwera kwa khoma chotchedwa Vallum, makamaka pa Down Hill: mamita 6 m'lifupi, 3 kuya, mulu wa dothi uku ndi uku.

Khoma lonse linali makilomita 117, kuchoka ku Wallsend kukafika ku Bowness-on-Solway, lokhala ndi kalinga pa mtunda uliwonse wa mamita pafupifupi 1,480 ndi nsanja ziwiri pakati. Anayamba ndi mamita 3 m'lifupi, kenaka n'kuchepetsa ntchito ili m'kati. Pa Planetrees mukuona khoma lopapatiza litakhala pa maziko otambalala. Mfundo yofunika pa nkhani yathu ndi yakuti chipata cha Portgate chinalipo chifukwa khoma silinali mapeto. Kumpoto kwake kunali malinga a Risingham ndi High Rochester pa msewu womwewo, ndipo zosowa zawo zinkadzera ku Corbridge.

Ku Chesters, linga la asilikali 500 a pa akavalo, pitani mukaone chinthu chimodzi m'nyumba ya zakale: muyeso wa mkuwa wa mbewu umene unapezeka ku Carvoran. Palembedwa kuti umalowa masextarius 17 ndi theka, koma ukadzazidwa mpaka pakamwa umalowa pafupifupi 20. Ena amati munali chizindikiro cha polekezera chimene chinatayika, ena amati mlimi wopereka msonkho ankaberedwa.

Lachisanu, ku Vindolanda

Basi ya AD122 yochokera ku Hexham imaima ku Chesters, ku Housesteads ndi ku Vindolanda. Ndandanda yake imasintha ndi nyengo, ndiye dziwiranitu nthawi ya basi yomaliza.

Vindolanda, linga lina la Aroma, ili pa Stanegate, ulendo wa tsiku limodzi wapansi kuchoka ku Corbridge. Kuyambira mu 1973 kuno kwakhala kukupezeka timatabwa topyapyala, mamilimita 1 mpaka 3, tolembedwa ndi inki. Tinasungika chifukwa dothi lake ndi lonyowa lopanda mpweya. Tikangotuluka kunja timada msanga ndipo zolemba zimawerengeka ndi kamera ya infrared. Tambiri tili ku British Museum, tina tikuonetsedwa konkuno.

Kamodzi mwa ito ndi lipoti la pa 18 Meyi, cha m'ma 90, la gulu loyamba la Atungri (mtundu wa anthu a ku Belgium wa masiku ano) lolamulidwa ndi Iulius Verecundus. Pa buku gululi linali ndi anthu 752. Amene analipo pa linga anali 296 okha, ndipo mwa iwo 31 sakanagwira ntchito: 15 odwala, 6 ovulala, 10 a maso otupa. Mwa 456 amene kunalibe, 46 anali alonda a mkulu wina, owerengeka anali ku London ndi kwina, koma 337 anali ku Coria. Ndiye kuti asilikali a Vindolanda anali ambiri ku Corbridge kuposa kwawo. Timakalata tina ndi ta asilikali opempha tchuthi, ndipo m'kamodzi malo amene akutchulidwa kuti akapumulireko ndi Coria yemweyo.

Kalata ya Octavius kwa Candidus ikuonetsa mmene katundu ankayendera. Wagula ngala za tirigu zokwana mamodius 5,000, omwe ndi malita oposa 43,000, wapereka chikole cha madinari pafupifupi 300, ndipo akuti akapanda kulandira 500 msanga chikolecho chipita ndipo achita manyazi. Zikopa zake zili ku Catterick, koma sanakazitenge poopa kupweteka ziweto zokoka ngolo misewu ili yoipa. Njira ya ngolo yochoka ku Catterick kudza kuno inali Dere Street mpaka pa mlatho wa Corbridge, kenaka kukhotera kumadzulo.

Loweruka, ku Hexham

Hexham ndi siteshoni yotsatira kumadzulo kwa Corbridge. Tabwera kudzaona kumene miyala ya tauni ija inapita.

Pa nkhondo ya mfumu Septimius Severus ku Scotland, kuyambira 208 mpaka imfa yake ku York mu 211, katundu wambiri ankadzera panyanja ku South Shields, kumene linga linasandutsidwa mosungira chakudya mwa nkhokwe zoposa 20, pamene Corbridge inagwira njira ya pamtunda. Severus naye, monga Urbicus uja, anali wa ku Africa, wobadwira ku Lepcis Magna ku Libya. Tauniyi inakhalabe ndi anthu mpaka ulamuliro wa Aroma utatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 400. Kenaka mudzi unasunthira kum'mawa, mabwinja n'kusanduka pokatenga miyala yosemasema. Chipata chokhota cha pansi pa nsanja ya tchalitchi cha St Andrew ku Corbridge anachizula chathunthu ku nyumba ya Aroma. Mu 1201 mfumu John inatuma anthu kukumba chuma m'mabwinjamo, ndipo anangopeza miyala ya zipsera za mkuwa, chitsulo ndi mtovu, ndiye kuti mabowo a zomangira miyala.

Mu Hexham Abbey, m'munsi mwa masitepe akale a amonke, mwaimikidwa mwala wa pamanda wotalika mamita oposa 2 ndi theka. Ndi wa Flavinus, wonyamula mbendera wa gulu la akavalo la ala Petriana, amene anafa ali ndi zaka 25 atagwira usilikali zaka 7. Wasemedwa ali pa kavalo, chisoti cha nthenga kumutu, munthu wa ndevu atanyonyomala pansi pa ziboda atagwira mpeni. Unapezeka mu 1881 m'maziko a nyumbayi, ndipo akatswiri amati unachokera ku manda a linga loyamba la Corbridge.

Kachipinda ka pansi pa tchalitchi anamanga ndi bishopu Wilfrid cha m'ma 674, ndipo pafupifupi mwala uliwonse ndi wa Aroma, yambiri yochokera pa mlatho uja. Ina ili ndi maluwa osemedwa, yoikidwa chammbali kapena chadodolido. Kudenga la kanjira kena kuli mwala wotchula Severus ndi ana ake, koma dzina la Geta linagobedwa Caracalla atapha m'bale wakeyo. Masitepe ake ndi otsetsereka ndipo kachipindako sikakhala kotsegula nthawi zonse, makamaka pa nthawi ya mapemphero, ndiye funsani olandira alendo pakhomo. Tengani tochi, muunikire mwalawo chammbali osati molunjika; pamene anagoba dzina pamaoneka bwino kuwala kukadzera m'mbali.